Mwana kumbuyo, gitala kutsogolo

Ndinaphunzira kukhwatcha gitala mwana ali kumbuyo, chifukwa ndinkaopa kumutsitsa. Bambo ake anali atapita ku Joni, kenako mbiri inabwera yoti akwatira wina kumeneko. Ine kwathu ndi ku Dowa. Ku Mwazisi ndinabwera ndi makolo anga kudzalima fodya wa eni ake, iwo anabwerera, ine ndinatsala pabanja. Apongozi anga aakazi sanabise mawu. Anati, "Mkamwana, ukafuna kupita kwanu njira ndi iyo, koma mwana ngwithu, ng'ombe za lobola zinapita kale." Kuyambira pamenepo mwanayo sindinkamusiya, kudimba ndi iye, kuchigayo ndi iye, ngakhale kubafa ndi iye.

Ku kwaya ya kutchalitchi kwathu gitala ankaimba ndi amadamu ena, aphunzitsi ochokera ku Zomba. Nyimbo ikafika pakati oimba ankakhala chete, gitala n'kuyankhula yokha, waya umodziumodzi. Amati solo. Ine pamenepo ndinkaiwala kupuma, maso ali padzanja lawo basi.

"Inu make mwana, mumabwera kudzaimba kapena kudzandilondera?" anandifunsa tsiku lina. "Boma likundisamutsa. Khalani apa, gwirani."

Anandidulira kapulasitiki kokhwatchira ku chigubu cha mafuta ophikira, n'kukanola pasimenti. Anati ndikagwire ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala, kansonga kokha kazionekera, kochepa ngati kambewu ka mpunga. Ndiyambe ndi waya umodzi. Pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba.

Ine ndinkangomenya chotsitsa, mkono wonse kuchokera paphewa. Mwana kumbuyoku ali gwedegwede, mpaka analira.

"Mayi inu, mukusinja?" amadamu anaseka mpaka misozi. "Phewa lisiyeni, chigongono chisiyeni. Chigwedezeke ndi dzanja lokha, apa polumikizira. Ndipo mukatsika musabwerere chabe, pokwerapo khwatchaninso, n'chifukwa chake mukutopa. Mwanayo ndiye mphunzitsi wanu. Akadzuka, dziwani mwalakwitsa."

Zinandivuta chomene. Ndikakafinya kapulasitikiko waya ankalira ngati chitini, ndikakalekerera kankagwera m'chibowo cha gitala, ndiye kuikhutumula chozondotsa ngati ndikufunamo chiponde. Chotsitsa dzanja linkadziwa, chokweza linkakodwa. Amadamu anati ndisathamange, ndiimbe pang'onopang'ono mpaka ndinyansidwe, liwiro limabwera lokha. Kunyumba gitala kunalibe, ndiye ndinkakhwatcha mphepete mwa lichero, pansi, m'mwamba, khutu lili kukhomo kumvera mapazi a apongozi. Tsiku lomwe ndinamaliza solo yonse mwana osatembenuka n'komwe, ndinadziwa kuti dzanja lamva.

Apongozi anamva ndithu, m'mudzi mulibe chobisika. Anati mkazi wapabanja woima kutsogolo ndi gitala ngati wa kubala sangalere mwana wa anthu. Koma mumtima ndinati, mwana wanu amene anathawa uja ankaimba gitala iti?

Linafika Lamulungu la zokolola, amadamu atasamuka kale, gitala ya kwaya atandisiyira ine. Tchalitchi chinadzaza, chimanga ndi mtedza zili mulu kutsogolo. Ndikulowa ndinaona alamu anga aakazi, achemwali a bambo a mwanayu, amene amakhala ku Henga. Sabwera wamba amenewo. Pamiyendo pawo panali jumbo, ndipo pakamwa pa jumboyo panatulukira kamkono ka juzi yachikasu. Juzi ya mwana wanga. Ndinaichapa dzulo lake, ndinaisiya pachingwe.

Apo ndinadziwa kuti abwera kudzatenga mwana.

Kwaya itaitanidwa, apongozi anatambasula manja, akumwetulira kuti anthu aone. "Bwera naye kuno, mkamwana, uimbe bwino."

"Yewo amama, wagona, asadzuke."

"Ndati bwera naye."

"Ayi amama."

Sindinayambe ndawakanirapo kanthu. Ndinamanga nsalu kawiri pachifuwa, mfundo yolimba, n'kupita kutsogolo. Lamba wa gitala sakanadutsa pa mwana, ndiye ndinakhala pabenchi, gitala pantchafu.

Ndime yoyamba inatha, yachiwiri inatha, oimba anakhala chete. Dzanja langa linali thukuta lokhalokha. Ndinafinya kapulasitiki, ndinaphonya waya, ndinagunda wina, mawu oipa anamveka mpaka kumbuyo. Wina anaseka. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira, ndipo ndinaona alamu aja akunyamuka, akubwera cham'mbali mwa khoma, manja ali patsogolo ngati odzathandiza.

Ndinawayang'ana m'maso. Sindinayang'ane mawaya, ndinayang'ana iwo, dzanja n'kumapita lokha, pansi, m'mwamba, pang'onopang'ono kuposa mmene nyimboyo imayendera, koma wang'oma ananditsatira. Mwana akulira, ine ndikuimba. Alamu anaima pakati panjira, anthu onse akuwaona, ndipo mayi wina wachigwirizano cha amayi anawakoka nsalu kuti akhale pansi, akutchinga.

Sinali solo yokoma, ndisaname. Koma ndinaifikitsa kumapeto.

Mapemphero atatha sindinazembe. Ndinapita pomwe anaima alamu aja, pakhomo penipeni, azimayi ali mbwee, ndinagwira jumbo ija.

"Alamu, zovala izi mukupita nazo kuti?"

"Zikukukhudza chiyani? Mwana ngwa kwathu."

"Akakula adzabwera yekha kudzakuonani. Lero akuyamwa. Siyani."

Anakoka, ndinakoka, jumbo inang'ambika, timalaya tili mbwee pafumbi. Ndinawerama mwana ali kumbuyo, ndinatola kamodzikamodzi, ndikukung'untha, osafulumira. Mkazi wa mkulu wa mpingo anawerama nane, anatola kasokosi n'kundipatsa, kenako anauza apongozi kuti nkhani imeneyi ikakambidwe pamaso pa akuluakulu, osati m'jumbo.

Nkhaniyo sinathe mpaka lero, akuluakulu akuitanabe mbali zonse. Mantha ndili nawo, galimoto ikaima pamsewu ndimayamba ndaona yatsitsa ndani. Koma mwana ali ndi ine, ndipo ndinawauza akuluakuluwo kuti kwathu sindipita, gitala sindisiya, wofuna mwanayu ayambe wandinyamula ine.