Njuchi za m'Gitala ya Alamu Anga

Alamu anga a Lyson Muhiye anabadwira m'nyumba za kampani pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje, ndipo mpaka lero akukhala mumzere womwewo. Anakwatira mlongo wanga Esteri. Ine ndimakonza mawailesi ndi mafoni pa Chinakanaka, choncho gitala yawo ndaitsegula m'mimba kangapo konse. Zimene ndikusimba panozi sindinachite kumva kwa munthu.

Makolo awo anachokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi. Bambo awo ankaimba ng'oma ya tchopa, koma mwanayo ng'oma sinamukoke mtima. Anapanga banjo ya chigubu cha mafuta ophikira, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Atakula anamva kaseti ya nyimbo zachizungu za roko kwa wamalonda wina wa kumalire, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso bwino. Ankati gitala ya m'kasetimo imalira ngati malata akusasuka ndi mphepo, ndipo iwo akufuna kuliza yawo chimodzimodzi. Anadzimana zambiri mpaka anagula gitala yamagetsi yofiira, yogwirapo kale ntchito, ku Limbe.

Bandi anaiyambitsa ndi mnzawo Morris, woimba ng'oma. Ankaimba m'maukwati, m'malo omwera mowa pa Nkando, ndipo Lamulungu gitala yomweyo inkalowa m'tchalitchi itapukutidwa fumbi. Analibe ina ya Mulungu ina ya kumowa. N'chifukwa chake ankafuna kuti izitha zonse: ikafika nyimbo ya kwaya izilira mofatsa, ikafika roko izing'amba. Ndinene mosabisa, munthuyu ankaimba. Ine ndine mlamu wake, ntchito yanga ndi kumunyoza, koma pa gitala ndinalibe ponyozera.

Kuimbako sikunkadyetsa banja. Chodyetsa banja chinali fakitale, kumene a Lyson akhala pa makina odula masamba a tiyi kuyambira ali mnyamata wosakwatira. M'chipinda chimenecho anthu amayankhulana ndi manja. Zotseka m'makutu zinkatuluka m'kabati kukamabwera alendo oyendera, alendo akapita n'kubwereranso m'kabati. Nawonso alamu anga sankazifuna. Ankati makina aja ali ndi kagundidwe kake, ndipo nyimbo zawo zambiri anazipekera pomwepo. Ndikakumbukira mawu amenewo mtima umandiwawa, ndipo sindidziwa woti ndimukwiyire.

Vuto linayamba chaka chatha. Anafika pashopu panga atakoleka gitala kumsana.

"Alamu, gitala iyi yalowa njuchi," anatero.

Poyamba ndinawakhulupirira. Pansi pa nsambo za gitala yamagetsi pamakhala kachipangizo ka maginito kokulungidwa ndi waya wopyapyala ngati tsitsi. Oimba amakatcha pikapu. Ndi kamene kamatola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza ku ampu, bokosi lokuzira mawu. Gitala yawo inali ndi mapikapu a koyilo imodzi, ndiye kuti mpukutu umodzi wa waya uja. Amenewa mawu ake ndi owala, akuthwa, koma ali ndi khalidwe loipa: amatolanso phokoso la magetsi, ndiye ampu imangolira nzii ngakhale usanakhudze nsambo. Ndinasintha chingwe, ndinawotcherera mawaya onse mwatsopano, ndinamata pepala lonyezimira m'kati monse. Phokoso linachepa moti kuti ndilimve ndinkachita kugunditsa khutu pa sipika.

Patatha sabata anabweranso.

"Njuchi zija zilipobe. Komanso nsambo zing'onozing'onozi zafa, sizikutuluka mawu."

Nsambozo zinali zamoyo ndithu. Koma iwo anayamba kumakweza mawu akuthwa pa ampu mpaka pomalizira. Ku ukwati wina ku Limbuli gitala inalira mluzu woboola m'mutu. Makanda anayamba kulira, amayi anatseka makutu ndi nsalu, koma a Lyson anali atatsinzina, akumwetulira, zala zikuthamanga. Morris anachita kudzuka pang'oma n'kukazula chingwe.

Morris si munthu wankhanza, koma bandi ndi anthu asanu ndipo onse ali ndi ana. Anawauza kuti akonze gitalayo usanafike ukwati wa Tamanda, mwana woyamba wa a Lyson. Zikakanika, gitala yotsogolera aimba Sungani, amene ankaimba yothandizira. Apa m'pamene panali poopsa. A Lyson analonjeza Tamanda akadali wa kusukulu ya mkaka kuti tsiku la ukwati wake adzamulowetsa muholo ndi gitala yawo, ndipo nyimbo yake anaipeka kalekale. Mumzere monse munalibe wosaidziwa nyimboyo.

Tinakhala pashopu tikuyang'ana zithunzi za mapikapu pafoni yanga. Ndinawalongosolera kuti pali ina yotchedwa hambaka, ya makoyilo awiri okulungidwa mosemphana, moti phokoso limene wina watola mnzake amalipha. Mawu ake ndi onenepa, olemera, oyenera roko. Ndipo ukaiikira kaswitchi kodula koyilo imodzi, imapyapyala n'kumalira ngati yakale ija, yoyenera kwaya ndi nyimbo zovina.

"Mwati imapha njuchi?" anafunsa.

"Imapha."

"Basi, yomweyo. Zinazo musandiuze."

Kuno sitikanaipeza, choncho anaimbira foni msuweni wawo Millie amene amagwira ntchito ku Joni. Masiku amenewo alamu anga anali atayamba kuyankhula mokuwa, makamaka pafoni, ndipo nyumba za kampani makoma ake sasunga chinsinsi. Mzere wonse unamva a Lyson akukuwa kuti, "Millie, unditumizire pikapu! Yakuda! Isakhale yakutha!"

Kuno mukati pikapu, aliyense amadziwa kuti ndi galimoto ya bodi kumbuyo. Pofika madzulo mbiri inali itafika kumpopi, mawa lake pamsika. Amayi ogulitsa nanazi anayamba kubwera kudzapempha kuti izidzawanyamulira katundu kupita pa Nkando. Mkulu wa mpingo anathokoza Mulungu kuti tsopano maliro sazivutanso mayendedwe. Ngakhale mlongo wanga, amene amagona nawo nyumba imodzi, anaganiza kuti amuna ake akumubisira zabwino. Anasesa pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuchotsapo miyala kuti galimoto izidzagonapo. Nditamuuza zoona sanaseke. Anangolowa m'nyumba.

Katundu anabwera pa basi, kaphukusi kofanana ndi sopo wochapira. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Ana anayamba kuwatsatira a Lyson popita kuntchito, akukuwa kumbuyo kuti, "Adalaivala, tikwere nawo! Adalaivala, lizani hutala!" Iwo ankangoyenda, osacheuka. Anthu anawayamikira kuti ndi bambo wougwira mtima. Ine ndinawaona tsiku lina ana akukuwa pafupi penipeni, nkhope yawo ili phee ngati akuyenda okha m'munda wa tiyi. A Lyson amene ndimawadziwa ine akanatola mwala. Pamenepo ndinachita mantha.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Atabweretsa pikapuyo ndinawayang'ana m'maso n'kunena mokweza.

"Alamu, ndiika. Koma inu mupite kuchipatala akakuoneni m'makutu."

"Makutu anga atani?"

"Njuchi zimene mukunenazi ine sindikuzimva. Morris sakuzimva. Mukuzimva nokha."

Anaimirira.

"Mesa ndikukumvani bwinobwino pano? Ntchito ikakukanikani muzinena, tipite kwa amisiri enieni ku Limbe. Ine ndaimba gitala inu mukadali kumphasa ya amayi anu. Mundiuze za makutu ndinu?"

Ndinkafuna kuwayankha kuti samva anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma mwambiwo unandikanika pakamwa. Unali woona mopitirira muyeso. Ndinangowauza kuti adzatenge gitala Lachinayi. Ukwati unali Loweruka.

Lachinayi m'mawa ndinasema thabwa pang'ono kuti hambaka ikwane, ndinawotcherera mawaya, ndinaika kaswitchi kaja. Nditayatsa ampu munali zii. Ndinakhudza nsambo, mawu anatuluka odzaza, oyera, moti telala woyandikana nane anasiya makina n'kudzasuzumira. Millie anasankha bwino. Chakumasana kunagwa chiperoni, ndipo magetsi anazima pa Chinakanaka ponse.

A Lyson anafika ataweruka kuntchito, ovolosi itanyowa m'mapewa. Sanandipatse moni. Anatenga gitala, analumikiza chingwe ku ampu, anadina switchi. Kagetsi kofiira ka pa ampu sikanayake, koma iwo sanayang'aneko. Anakhala pa benchi, anapendeketsa mutu, akumvetsera. Ndinaona nkhope ikugwa.

"Zilipobe," anatero. "Mukuzimva? Zachita kuwonjezeka lero. Millie wandigulira yabodza."

"Alamu, magetsi kulibe."

"Mwati bwanji?"

Ndinaloza babu la kudenga. Ndinaloza mawailesi onse ali duu pa shelefu. Kenako ndinazula pulagi ya ampu kukhoma n'kuwaika m'manja.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kunja kunkadutsa anjinga atafunda mapepala apulasitiki.

"Nanga zikulira kuti?" anafunsa.

Iwo anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kutseka khutu lakumanja, kenako lakumanzere, kenako onse awiri. Anakhala choncho, maso ali kukhoma.

Atachotsa manja anaweramira gitala, anagunditsa chibwano pa thabwa lake, n'kukhudza kansambo kakang'ono kaja. Anakakhudzanso.

"Apa kakumveka pang'ono," anatero. "M'mano."

Anapukuta gitalayo ndi mkono wa ovolosi n'kuiika patebulo panga.

"Mumupatse Sungani. Mumuuze kuti nyimbo yolowera mkwatibwi adule koyilo imodzi. Tamanda sakonda phokoso."

Loweruka holo inadzaza. Bandi inakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo ife achibale tinali kutsogolo titaipatsa msana. A Lyson anavala suti yobwereka, anakhala pambali panga, Esteri ali mbali inayo ya ine, manja ali pamaondo ngati mlendo. Anthu ena ankanong'onezana kuti bambo wa mkwatibwi wasiya gitala chifukwa cha ulemu wa tsikulo. Tinawasiya aganize choncho.

Morris anayamba ng'oma, gitala ya besi inalowa, kenako Sungani anaiyamba nyimbo ija pa nsambo zing'onozing'ono, pamwamba penipeni pamene mwini wake anaipekera. Inalira bwino kuposa mmene ndinaimverapo kale lonse. Amayi anayamba nthungululu. Tamanda analowa akuvina pang'onopang'ono, maso akufunafuna bambo ake, ndipo atawaona anamwetulira misozi ili m'masaya. Esteri anandigwira dzanja mwamphamvu.

Nyimbo ili pakati, a Lyson anandiweramira. Ankayesa kunong'ona, koma mizere itatu ya mipando inamva.

"Alamu, kodi Sungani akudikira chiyani? Mwana wafika kale pakati. Muuzeni ayambe."