Liuma la akapitawo athu kumacheka

Ntchito yoyamba anandipezera ndi malume anga. Ananditenga ku Mayani kupita nane m'phiri la Dedza kwa bwana wina wogulitsa matabwa a paini. Akapitawo a bwanayo anandiyang'ana mapewa, nati, "Uyambe mawa."

Tinkacheka awiriawiri. Chipika timachikhazika pamwamba pa dzenje, kuchilemba mizere ndi chingwe choviika m'makala, kenaka n'kuchicheka ndi sowo. Wina amaima pamwamba, wina m'dzenje. Wa m'dzenjeyo ndiye amadya utuchi tsiku lonse.

Mnzanga anali a Kamwendo, bambo wachikulire wa chifuwa chosatha. Iwo anaikidwa pansi, ine pamwamba. Ndinapempha kuti tisinthane.

"Amene ndamuika pansi ndi wapansi," anatero akapitawo.

"Koma bambowa akutsokomola."

"Sowo akutsokomolanso?"

Munthu uja anali ndi liuma. Kwathu mawuwa timanenera munthu amene akanena wanena, ngakhale iye mwini akuona kuti walakwa. Samvera chifukwa. Kubweza mawu amakuyesa manyazi.

Tsiku lina m'mwezi wa Juni kunazizira mpaka zala zinkakana kugwira tupa wonolera sowo. A Kamwendo analavula magazi pa utuchi. Sindinafunse munthu. Ndinawakweza pamwamba, ine n'kulowa m'dzenje. Matabwa ankatuluka owongoka bwinobwino. Akapitawo atafika anawaona, koma anati, "Bwererani m'malo mwanu."

"Iwe mwana, usataye ntchito chifukwa cha ine," anandinong'oneza a Kamwendo, akutsika.

Dzuwa lisanafike pamutu anagwa. Lole inali pomwepo, yodzaza, ikupita kuboma kumene kuli chipatala. Tinapempha kuti iwatenge.

"Lole ndi ya matabwa," anatero akapitawo.

Tinawanyamula pa thabwa, kutsetsereka nawo phiri wapansi. Anatisiya tisanafike kumsewu.

Ku maliro akapitawo anabwera atavala jekete, atanyamula matabwa a bokosi. Ndinagwira matabwawo: anali otaya, okhota, a makungwa m'mbali. Akapitawo ankauza anamfedwa kuti malemu anali munthu womvera. Ndinatuluka kukalavula kuseri kwa nyumba. Bokosi tinakhoma ndi matabwa amene ndinacheka ndekha.

Patapita zaka nanenso ndinakhala kapitawo. Anyamata ankandiopa, ndipo ankayenera. Wochedwa ndinkamubweza, waulesi ndinkamuchotsa. Koma munthu akatsokomola m'dzenje, ndinkavula malaya n'kulowamo ndekha.