Mizere Yofiira pa Laputopu ya Apongozi

Apongozi anga aamuna anakalambira pa kampani yosindikiza mabuku, m'kachipinda kakuseri konunkha inki ndi guluu. Ntchito yawo inali yosaka zolakwika. Pepala lililonse lisanapite kumakina linkadutsa kaye patebulo pawo, ndipo linkachokapo lili mawangamawanga ngati lalumidwa ndi nsikidzi. Anzawo ankangowatchula kuti a Chofiira, chifukwa cha bolopeni yofiira yomwe sinkachoka kukhutu kwawo. Ngakhale kunyumba sankapuma. Tsiku loyamba kundiona anandilandira bwino, kenako n'kundiuza kuti chikwangwani cha pafamase pomwe ndimagwira ntchito chasowa chilembo. Ndinakayang'ana m'mawa mwake. Chinasowadi.

Sitiroko inawapeza atapuma kale ntchito, akuthirira maluwa. Anatuluka m'chipatala mbali yakumanja itafa, pakamwa patapotoka. Mawu ankatuluka ophwanyikaphwanyika, ndipo Amayi, akazi awo, akalephera kumva, Bambo ankatembenukira kukhoma. Mwamuna wanga amayendetsa malole a maulendo ataliatali, choncho zambiri zinagwera ine ndi Amayi.

Adokotala anati tiyese kuwalembetsa. Bolopeni kumanzere inakana; zilembo zinkagwerana ngati mpanda wodyeka ndi chiswe. Ndiye ndinafukula laputopu yanga yakale. Pulogalamu yolembera yomwe inalimo inali itadzitseka, yosalola kulemba kanthu mpaka utalipira. Mnzanga wakuntchito anandiuza kuti zaulere ziliko, zololedwa, osati zakuba. Ndinatsitsa imodzi pa intaneti nthawi yopuma masana, mtima uli m'mwamba kuti mwina ndikulowetsa mavairasi. Inalowa bwinobwino. Ndinakulitsa zilembo kuti asavutike maso, n'kuika laputopuyo pathabwa lomwe tinapingasa pampando wawo.

Anayamba ndi chala chimodzi. Anasakasaka pakiyibodi, thukuta lili pamphumi, mpaka panatuluka mawu akuti: ndatopa ndi kugona. Amayi anaseka mpaka misozi. Ine ndinapita kuntchito thupi lili pepuu.

Pobwera madzulo ndinapeza laputopu ili chitsekere, ataikankhira kumapazi.

"Akana," anatero Amayi atandichingamira pakhomo. "Analemba pang'ono, kenako kuyang'anitsitsa, kenako basi. Mankhwala amwa mokakamiza. Chakudya angolawa."

Sabata yonseyo zinali zomwezo. Ndikaibweretsa, ankaikankha ndi chigongono. Amayi anayamba kundinong'oneza kukhitchini: "Mwana wanga, kapena yawagwiranso ina? Paja adokotala anati imatha kubwereza mwakachetechete." Ndinkawayeza kuthamanga kwa magazi m'mawa ndi madzulo, manambala ali bwino, koma mtima wanga osakhazikika. Kuntchito foni ikangolira ndinkadzidzimuka. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kupatsa kasitomala mankhwala a munthu wina. Mwamuna wanga akaimba ali m'njira ndinkangoti, "Aliko bwino," n'kusintha nkhani.

Loweruka ndinagwada pambali pa mpando wawo. "Bambo, ngati makinawa akukupwetekani maso, ndiuzeni, tiwachotse."

Bambo anaikoka okha laputopuyo n'kuitsegula. Zomwe analemba tsiku loyamba lija zinali pompo, ndipo pansi pa liwu lililonse panali kamzere kofiira kokhotakhota. Analoza timizereto kamodzikamodzi. Kenako analemba pang'onopang'ono: mutu wafa. Timizere tina tinatulukiranso pansi pa mawu awiriwo. Anadziguguda pachifuwa ndi dzanja lamoyolo.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa. Munthu ankalemba "madzi", akudziwa kuti walemba bwino, makina n'kumuuza kuti walakwitsa. Masiku onsewo ankaganiza kuti matendawa adya ndi zilembo zomwe, kuti zimene maso awo akuona ngati zolondola ndi zamisala.

"Bambo, si inu ayi! Pulogalamuyi imangodziwa chiyankhulo cha omwe anaipanga. Chathuchi sikuchidziwa n'komwe."

Sanakhulupirire. Anaona ngati ndikuwanyengerera ngati mwana. Ndinatenga pashelefu buku lomwe iwo eni analikonza kalekale, n'kukopera chiganizo choyamba momwe chinalili. Chonse chinafiira.

Amayi anaweramira pasikirini. "Aa! Ndiye chinthuchi n'chamwano bwanji? Chaona nkhope? Chikufuna kukonza a Chofiira?"

Phewa la Bambo linayamba kugwedezeka. Sindinadziwe ngati akuseka kapena akulira.

Kuzimitsa timizereto kunandivuta, chifukwa sindinkadziwa pomwe anabisa batani lake, komanso Bambo ankandiyang'ana padzanja. Timizereto titachoka, Bambo anawerenganso zolemba zawo modekha. Anaima pa liwu lina, kenako linanso. Pamenepo zilembo zinasowadi. Anali atalemba "mankwala" ndi "zenra". Nkhope inagwanso. Analemba: izi ndi zanga.

"Ziwiri zokha, Bambo."

Chala chinasakanso: ziwiri ndi zambiri.

Kuchokera pamenepo amalemba m'mawa uliwonse. Amapempha madzi, amadandaula za wailesi ya aneba, amafunsa komwe mwana wawo wafika ndi lole. Amayi akawayankha mokweza amalemba kuti: makutu sanafe. Masiku ena zilembo zimasowa zochuluka, ndipo ndimajambula sikirini mobisa n'kukaonetsa adokotala. Iwo amati kutopa kumatero, koma tizionetsetsa. Dzanja lamanja silinadzukebe.

Chomwe chikundisowetsa mtendere pano ndi batire. Linafa kale, moti laputopuyo imangoyaka ikakhala pamagetsi. Magetsi akathima, sikirini imada pakati pa chiganizo, ndipo Bambo amakhala duu mpaka abwere. Dzulo anathima masana, Amayi n'kundiimbira foni.

"Amalemba zoti penapake pakuwawa, koma sanamalize. Angofika poti 'ndikumva kuwawa ku', basi yathima. Bwera, mwana wanga, mwina ndi kumtima."

Ndinapempha abwana n'kukwera basi yoyamba kupezeka. Ndinapeza Amayi akuloza chiwalo chimodzichimodzi, Bambo akupukusa mutu, atakwiya kale. Kunali kumsana. Pilo anali atatsetsereka, thabwa la mpando n'kumawadinda. Ndinawakonzera, ndinawayezanso magazi, n'kubwerera kuntchito. M'basi monse maso anga anali m'mashopu a m'mbali mwa msewu, kuona ngati mababu ayaka.