Galasi la amayi anga

Ndikukumbukira Loweruka lina, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, pamene ndinadetsa dala chinthu chimene ndinkachikonda kuposa china chilichonse m'nyumba mwathu.

Tinkakhala awiri ku Ndirande, ine ndi agogo anga obala amayi. Bambo ndiwo anayamba kutisiya, amayi n'kutsatira patapita chaka. Maliro atatha, achibale a bambo anabwera ndi galimoto n'kutenga sofa, bedi, makina osokera, mpaka mapoto. Chinapulumuka ndi galasi lalitali lodziyang'anira, chifukwa tsikulo linali kwa aneba amene analibwereka pa ukwati wa mwana wawo.

Agogo anakalamba akugwira ntchito m'nyumba za mabwana a m'boma ku Chilomoni, choncho magalasi ankawadziwa. Sopo sankamulola pagalasi. Sankapukutanso mawindo dzuwa likuwomba pomwepo, ankati madzi amauma msanga n'kusiya mizere. Ankathira viniga pang'ono m'madzi, kupukuta ndi kansalu kofinya bwino, kenako n'kuumitsa ndi nyuzipepala yakale, kuyambira pamwamba kutsikira m'munsi. Ine ndinali mwana wosalankhulalankhula, koma manja awo ndinkawayang'anitsitsa.

Ndiye kunabwera uthenga woti azakhali anga, mlongo wa bambo amene tinkawatchula kuti amake Limbani, akubwera kuchokera ku Machinjiri kudzatenga galasilo. Ankatsegula saluni, ndipo ankati amene anagula galasilo ndi mchimwene wawo.

M'mawa wa tsikulo, agogo atapita kumpopi, ndinachita zonse zimene ankaletsa. Ndinapaka galasi lonse sopo wochapira, n'kuwonjezera mafuta odzola, kenako n'kulikokera pakhomo pomwe dzuwa linkawomba. Litauma linayera ngati chifunga cha chiperoni. Nkhope yanga sinkaonekamonso. Ndinalibwezera pamalo pake n'kukhala phee.

Azakhali atafika n'kulonjeredwa, analiyang'ana kamodzi kokha n'kutsonya.

"Lafatu ili. Mumasunga zinthu bwanji, agogo?"

Anawonjezera kuti angowononga nthawi kukwera maminibasi awiri, n'kuyamba kupinda chitenje chimene anabweretsa chokulungira galasilo. Mtima wanga unavina.

Agogo anadutsitsa chala pagalasi, n'kuchinunkhiza. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Esnati, tenga viniga ndi nyuzipepala."

"Sinditenga," ndinatero. Kanali koyamba kuwakanira chinthu.

"Tenga. M'nyumba muno sitibisa chathu ndi litsiro."

Ndinapukuta ndikulira, azakhali ali pampando akuonerera. Ndinayamba ndi madzi ofunda kuchotsa mafuta aja, kenako madzi a viniga, fungo lake likundilowa m'mphuno. Ndinkachedwa dala, koma agogo sanandifulumize. Nyuzipepala yoyamba inanyowa n'kuthetheka, yachiwiri inayamba kulira kwii kwii pagalasi, ndipo ndinadziwa kuti zatha. Phiri la Ndirande, limene linali kumbuyo kwathu kupyola pakhomo, linaoneka m'galasimo ndi miyala yake yomwe. Panalibe mzere ndi umodzi womwe.

Azakhali anaimirira n'kutambasula chitenje chija. Agogo anaimanso, n'kugwira galasilo ndi dzanja limodzi. Sanakweze mawu. Anawauza kuti galasilo mwana wawo analigula yekha ndi ntchito yosoka, kuti amayi obwera kudzayesa madiresi azidziona, ndipo aneba onse a mzere umenewo anali mboni. Makina anapita, agogowo sanalankhule. Bedi linapita, sanalankhule.

"Koma ili, amake Limbani, mwini wake ndi uyu. Mumufunse."

Azakhali anatembenukira kwa ine. M'galasimo tinkaoneka tonse atatu, ine pakati, manja ali bii ndi inki ya nyuzipepala.

"Ndi la amayi anga," ndinatero. "Silichoka."

Azakhali analankhula zambiri. Anati ndine mwana wamwano, anati agogo akundiwononga, anatinso tisadzagogode pakhomo pawo tikadzavutika. Agogo sanachotse dzanja lawo. Pamapeto pake chitenje chinabwerera ku Machinjiri chopindapinda ngati mmene chinabwerera.

Chilango sindinachizembe. Agogo anandipukutitsa maluvazi onse a m'mawindo a m'nyumba, limodzilimodzi, kuwiri konse, chifukwa cha sopo amene ndinawononga ndi bodza limene ndinalipaka pagalasi. Ndinawakwiyira masiku angapo. Ndinkaona ngati anatsala pang'ono kundiluzitsa chinthu chimene ndinali nditachipulumutsa kale.

Ndinadzamvetsa ndili wamkulu. Sopo uja akanandipambanitsa, ndikanatsala ndi galasi limene sindikanalimba mtima kulipukutanso, poopa kuti mbiri ifika ku Machinjiri. Likanakhala langa, koma losadziyang'aniramo. Agogo anafuna kuti ndikane maso ali gwa, chinthucho chili mbee, aliyense akuona kukongola kwake.

Agogo anapita kalekale. Galasi lili kuchipinda kwanga ku Chirimba, ndipo Loweruka lililonse, dzuwa lisanafike pawindo, ndimalipukuta. Mlendo akaliyamikira sindinena kuti ndi lakale kapena lachabechabe. Ndimamuuza kuti ndi la amayi anga.