Chikwatu chimene sichinali cha ndiwo

Nkhani iyi ndikayamba kuifotokoza, anthu akangomva mawu oti chamba amayamba kuseka, ena mpaka kundiuza kuti ndaithira mchere wambiri. Koma ine ndikunenetsa kuti ndi yoona, inachitika pakhomo panga penipeni, ndipo amene anali m'mudzi mwathu chaka chimenecho akhoza kundichitira umboni. Maina sinditchula, chifukwa ena mwa eni nkhaniyi akali moyo. Mungodziwa kuti kwathu ndi chakummwera kwa Katete, njira yolowera kumalire a Mozambique, ndipo nthawi imeneyo ndinali pabanja, ndili ndi mwana mmodzi wamkazi woti sanayambe sukulu, komanso ndikusunga mayi anga okalamba.

Amene munakulira kumudzi mukudziwa kuti mvula ikamapita kumapeto, ife amayi timafutsa ndiwo zoti tidzadye m'chilimwe. Khwanya, chitambe, nkhwani, zonsezi timaziwiritsa pang'ono, kuziyanika padzuwa, zikauma n'kuzikulunga m'masamba a msuku ndi kumanga ndi luzi, ndiye chikwatu chimenecho. Zikwatu timazipachika kudenga la khitchini kuti utsi uzizitetezera ku tizilombo, ndipo pakapita miyezi zimada ndi mwaye mpaka zonse kufanana. Imeneyi ndi ntchito ya amayi. Mwamuna chikwatu sachigwira, amangodziwa kuti ndiwo zafika m'mbale. Nanga inu munamuonapo mwamuna akusoka masamba a msuku? Ndiye ine ndikayang'ana kudenga n'kuona zikwatu zili lendelende, ndinkangoti chaka chino ndinalimbikira, osaganiza n'komwe zowerenga.

Bambo a mwana wanga anali mkamwini wofatsa, woti akazi anzanga ankandichitira naye nsanje. Mowa sankamwa, fodya sankasuta, kutchalitchi ankakhala kutsogolo. Anali ndi kamunda kena kuseri kwa phiri, chakumalire, kumene ankati amalimako mpendadzuwa, ndipo ineyo sankafuna kuti ndizipitako, ati n'kutali ndingavutike ndi mwana. Ndinkati ndi chikondi chimenecho. Mpendadzuwawo unkabweradi, koma wochepa kwambiri poyerekeza ndi maulendo amene munthuyo ankayenda.

Tsikulo linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndiwo zamasamba zitasowa m'mudzi monse. Ine ndinalawirira ku Katete kukagulitsa mtedza, bambowo anapita kumunda kwawo kuja, pakhomo panatsala mayi ndi mwana. Pochoka ndinawauza mayi kuti atsitse chikwatu chimodzi aphike chotendera, nsinjiro ndinasiya nditasinja kale. Apa mumvetse za mayi anga. Maso awo anali ndi ng'ala moti ankandizindikira ndi mawu, ndipo mphuno zinafa kalekale ndi fodya wofwenkha, mwakuti ndiwo zinkatha kupserera iwo ali pomwepo osamva kanthu. Anatenga ndodo, n'kukolola chikwatu chimene chinali pafupi, kuchimasula, kusakaniza ndi timfutso ta nkhwani timene tinatsala dzulo lake, n'kuphika. Pambuyo pake anandiuza kuti ndiwozo zinkawawa, ndiye anawonjezera nsinjiro ndi tomato. Mwana atalawa anakana, iwo anamukalipira kuti mwana wamkazi sasankha ndiwo, adzavutika ku ukwati, ndipo anamukhalira pomwepo mpaka anamaliza mbale yake.

Ndinafika dzuwa litapendeka, n'kupeza anthu ali mbwee pabwalo panga. Mayi anali atakhala pamtondo, mpango utagwa, akuimba nyimbo za kutsimba zija zosayenera kuimbidwa pali amuna, kenako kuseka mpaka misozi, kenako kugwira pansi ndi manja onse awiri n'kumakuwa kuti wina agwire dziko likupendekeka. Achinyamata anali gada ndi phwete. Apa ndi pamene omvera nkhaniyi amaseka, ndipo sindiwada, nanenso ndikanakhala wodutsa m'njira ndikanaseka. Ine ndinangofunsa kumene kunali mwana wanga. Wina anandilozera pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ati wakhala akugona chidyereni chakudya cha masana, ndipo palibe amene anaganiza zomudzutsa popeza maso onse anali pa agogo ake.

Nditamunyamula, khosi linangoti lende. Manja lefu, miyendo lefu, atadzikodzera, maso ali otseguka pang'ono koma ofiira, osayang'ana kanthu. Ndinamuitana dzina, ndinamugwedeza, ndinamutsina pantchafu mwamphamvu ndithu, koma mwana zii. Ankapuma, koma mpweya wake unkachita kuchedwa kubwera, moti pakati pa kupuma kumodzi ndi kwina ndinkati basi wapita. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Kuseka konse kunathera pomwepo, ndipo amayi anayamba zonena zawo, wina ati malungo akwera kumutu, wina ati ndi khunyu, wina n'kunong'ona kuti agogo ndi mdzukulu kudwala tsiku limodzi pali dzanja la munthu.

Bambo a mwana anafika nthawi yomweyo. Sanathamangire kumene ndinali ine ndi mwana ayi, analowa kaye m'khitchini. Ndinawaona pakhomo akuvundukula poto, kununkhiza, kenako kuyang'ana kudenga kanthawi ndithu. Potuluka nkhope inali itatuwa ngati phulusa, ine n'kumati ndi mantha a bambo woona mwana wake akufa. Anathamanga kukaitana wanjinga yamoto, mayi tinawasiya m'manja mwa mnzanga woyandikana naye nyumba.

Kukiliniki mwanayo anamuyeza malungo osawapeza. Adokotala ake, bambo wachikulire wodekha, anati mwanayu akuoneka kuti wadya chinachake, ndipo anandifunsa chimene anadya. Ndinayankha kuti mfutso wotendera, chakudya chimene takhala tikudya chikhalire. Anatembenukira kwa bambo a mwana n'kuwafunsa ngati pakhomo pali mankhwala opopera thonje, a makoswe, kachasu, kapena china chilichonse chimene sichiyenera kukhala pafupi ndi ana. Anachita kuwapempha kuti anene zoona, ati iwo si apolisi, akungofuna kudziwa chimene akulimbana nacho chifukwa mankhwala amatsata chimene munthu wadya. Bambowo, maso ali pansi, anayankha kuti palibe, kapena agogo anasakaniza bowa wouma woipa. Anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Katete. Kumenekonso anamuika diripi ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno, n'kufunsa funso lomwe lija, ndipo yankho linali lomwe lija la bowa.

Tisanakhazikike n'komwe, bambowo anati abwerere kumudzi akatenge bulangeti ndi kukaona mmene mayi analili. Ndinawalola, nanga ndikanaganiza chiyani? Ndinatsala ndekha pambali pa bedi nditagwira kaphazi ka mwana, anamwino akubwera kudzamutsegula zikope n'kuchoka osandiuza chogwira mtima, popeza nawonso ankangoyerekeza. Mawa lake dzuwa litakwera, mwana anatsegula maso n'kupempha madzi. Kenako anapempha phala, n'kupemphanso lina, kudya ngati wachokera kunjala. Bambo ake anatulukira masana, bulangeti lija alibe, ati anaiwala chifukwa chosokonezeka mutu.

Amene ananditsegula m'maso ndi mnzanga uja ndinamusiyira mayi. Anabwera kudzationa, n'kunditengera panja, ati mayi ali bwino, agona tulo tofa nato ndipo adzuka akufunsa chimene chinachitika. Kenako anandifunsa kuti amuna anga anayamba liti kusankha zikwatu. Ati dzulo lake anawaona m'khitchini atakwera pamtondo, akutsitsa chikwatu chimodzichimodzi, kununkhiza, china kubwezera kudenga, china kuponya m'thumba, ndipo thumba litadzaza analimanga panjinga n'kulowera chakumalire. Mnzangayo atapita kukatsuka poto uja anapeza tinjere tachilendo pansi pake, ndipo amuna ake atationa anangogwira pakamwa, ati chimenechi ndi chamba.

Titabwerera kumudzi ndinawafunsa amuna anga, ndipo sanalimbelimbe. Anati pakati pa mpendadzuwa paja ankalima chamba, ndipo vuto lawo linali pochisunga akakolola, chifukwa ogula safuna chachiwisi, amafuna chouma bwino chimene chakhalitsa. Kutchire anzawo ankawabera, m'nyumba yogona fungo likanawaulula, ndiye anaona kuti malo abwino ndi pakati pa ndiwo zanga, pamene fungo limabisika ndi utsi, komanso wofufuza aliyense sangataye nthawi kumasula mfutso wa mzimayi. Kusoka masamba a msuku anaphunzira pondiyang'ana ine, luzi ankatenga langa lomwe. Zikwatu zawozo ankazipachika chakumbuyo, koma pokonza denga zinasakanikirana.

Zonsezo ndinangomva osagwedezeka. Chimene ndinafunsa n'chakuti, popeza anadziwa atangonunkhiza poto uja, analekeranji kuwauza adokotala. Anayankha modekha, ngati tikukamba za mtengo wa feteleza, kuti iwo ankadziwa kuti chamba sichipha, ndiye akanaulula bwenzi ali kundende zaka zambiri, nanga ife akanatidyetsa ndani? Ndinawafunsa ngati anaonapo mwana wamng'ono chotero atadya mbale yathunthu n'kudzuka, kuti adziwe kuti sichipha. Titapita kukaonetsanso mwana ndinawauza anamwino zoona zake, ndipo anati kwa mwana wamng'ono si zamasewera, mpweya ukhoza kuvuta kapena kutsamwa ndi masanzi ali mtulo, ndipo akanadziwa msanga sakanataya nthawi kusaka poizoni wa bowa.

Kupolisi sindinapite. Ndinaitana ankhoswe, ndinafotokoza, ndipo mkamwini anamanga katundu wake kubwerera kwawo. Ena anandinena kuti ndine wouma mtima, ati mwana anachira, munthu wosamenya, wosaledzera, ndikamupezanso kuti? Mwina ankanena zoona, sindinamupezedi wina. Mayi anga ndi amene anavutika kwambiri. Mpaka tsiku limene anatisiya sanaphikirenso mdzukulu wawo, ndipo akamumva akukana chakudya ankanena msangamsanga kuti musiyeni, asadye chimene sakufuna.

Lero ndikamva anthu akuti chamba ndi masamba chabe, sinditsutsana nawo, ndimangowayang'ana. Ndimakhulupirira kuti mwana wanga anamudzutsa ndi Mulungu, ndipo za dzanja la munthu zimene amayi ankanong'ona zija zinali zoona, kungoti dzanjalo silinali la mfiti. Amayi anzanga, chilichonse cholowa mumphika muzichimasula nokha, muchione ndi kuchinunkhiza, ndipo wokalamba wosaona musamusiyire kuphikira ana ali yekha. Mwana akati ndiwo zikuwawa, lawani kaye musanamukalipire. Inu abambo amene mumalima zobisa, dziwani kuti chimene mwabisa pamalo a chakudya tsiku lina chidzadyedwa, ndipo wochidya sadzakhala inu.

Mwana uja pano ndi mtsikana wamkulu, za tsikulo sakumbukira chilichonse. Bambo ake amawakonda, amapita kukawaona, ndipo nthawi zina amandifunsa chimene chinatilekanitsa. Ndimangomuuza kuti tinalephera kumvana. Sindinapezebe mawu omuuzira kuti iye ali pabedi, paipi ili m'mphuno, bambo ake anali pamtondo kupulumutsa katundu wawo.