Ndinazikwecha ndalama zanu, achimwene

Kuno ku Finglas, kutsidya kwa nyanja, mvula ikuwaza kuyambira m'mawa, ndipo masana ano kunja kwayamba kale kuda. Achimwene, lero chakwana chaka chimwalirireni inu. Ndakumbukira Lamulungu lina mutaweruka ku airport, munatsegula kabokosi kanu patebulo n'kundionetsa ma half dollar, ndalama zasiliva zakale za ku America zomwe munkatolera. Zinali zakuda ngati kunsi kwa poto. Nditati nditole imodzi munakuwa, "Iwe Tadala, gwira m'mphepete, manja ako amafutawo!" Tinaseka. Ndinachita manyazi kufunsa chifukwa chake.

Ntchito yanga yokolopa m'maofesi inatha mwezi watha, ndipo amayi ku Balaka akudwala, akungofunsa kuti ndifika liti. Ndinaganiza zogulitsa ndalama zanuzo kuti ndigule tikiti ya ndege. Sindinafune kuti anthu aseke zinthu zanu kuti n'zauve, ndiye ndinazikwecha ndi soda ndi sitiluwulu mpaka zinayera mbee. Dzulo bambo wogula ndalama zakale m'tauni anaziyang'ana pagalasi, n'kufunsa motsitsa mawu, "Wazitsuka ndani, mwana wanga?" Akuti kuda kuja ndiye kunkazipatsa mtengo. Tsopano zangokhala siliva wamba woyeza pasikelo, sizingakwane ngakhale theka la tikiti. Ndinabwerera nazo pabasi nditazifumbata. Munazisamala zaka zonse zija, achimwene, ine ndaziwononga tsiku limodzi. Amayi aimba kawiri lero, sindinayankhe. Kodi ndiwauza chiyani?

Ndamaliza kulemba Lachinayi, 4 koloko madzulo.