Mkodzo Wogula ndi Legeni

Ndimakumbukabe mmene mkuwa uja unkang'animira pa tebulo, pansi pa mtengo wa mbawa, pasukulu yathu ya kwa Mposa. Linali dzinja la m'masiku a Nyasaland, madambo a Chilwa atasefukira, ife tikusambira ndi kugwira matemba mpaka thupi lonse kununkha matope. Adokotala a ku Kasupe anafika pa njinga ndi kabokosi, natulutsamo makina amkuwa oonera tizilombo, ndipo aphunzitsi anatigawira mabotolo olembedwa mayina kuti m'mawa mwake aliyense abweretse mkodzo wake. Wopezeka ndi mazira a likodzo ankabayidwa jakisoni wa mumtsempha kwa masabata angapo, wosanzitsa, woliza ngakhale anyamata ovinidwa.

Ine, kadaulo wa kusambira, ndinadziweruza ndekha kuti likodzo ndili nalo. Ndinapita kwa Eliya, mwana wa akatekisiti, amene mayi ake sankamulola kuponda m'dambo. Tinanenerera kuseri kwa chimbudzi. Iye ankafuna legeni yanga ndi mpeni womwe, ine ndinamutsitsa mpaka legeni yokha, ndipo aliyense anadzaza botolo la mnzake. Ndinachoka ndikudzitama kuti malonda ndimawatha.

Adokotala anasuzumira nthawi yaitali m'kadontho ka m'botolo la dzina langa, kenaka anandikodola. “Iwe, tabwera udzaone alendo ako.” Ndinatsinzina diso limodzi n'kuona timazira ta kaminga kunsonga, mbwee ngati mpunga wotayika. Mkodzo wanga weniweni, wa m'botolo la Eliya, unapezeka wopanda kanthu. Kani mwana wa akatekisiti ankasambira mobisa.

Jakisoni ndinayamba kubayidwa ine wopanda nthenda. Koma chimene chinkandidya si singano ayi. Ndinkaona Eliya akuwonda, akupempha kukataya madzi pafupipafupi, ndikudziwa kuti mankhwala ake akuthera mwa ine. Kuulula kunali kuitana chikoti cha aphunzitsi ndi cha bambo, choncho ndinapirira majakisoni anayi ndisanatsegule pakamwa. Zikoti ndinalandira zonse ziwiri. Eliya anachira, koma legeni sanabweze.

Lero pa shelefu yanga ku Balaka pali makina oonera tizilombo asanu, amene ndawasaka m'nyumba za ana a madokotala akale. Wogulitsa akamalumbira kuti galasi lake n'labwino, ndimangomwetulira, n'kudontheza madzi a m'chithaphwi, n'kusuzumira ndekha. Katundu wosamuona m'kati ndinagulapo kamodzi, ndipo mkono uwu sunaiwale.